Chaka Chimene Kuperekezana Kunaletsedwa ku Sitiopa

M'dziko la Sitiopa mantha anathetsedwa ndi lamulo. Amene anawathetsa ndi Mfumu Mtimamwala Wachiwiri, itangolowa kumene ufumu. Kuyambira pamenepo munthu wa ku Sitiopa akakumana ndi njoka panjira sankathawa ayi, ankangokumbukira mwadzidzidzi kuti waiwala kanthu kunyumba. Wina akapezeka akunjenjemera ankati ndi malungo, ndipo malungo anachuluka m'dzikomo, makamaka masiku amene galimoto za mfumu zinkadutsa.

Panalinso lamulo lina limene anthu sankakonda kulitchula. Munthu akalakwira mfumu sankazengedwa mlandu wautali, pakuti Sitiopa linali dziko lachifundo. Ankangotengedwa, kenako Unduna wa Zoiwala unkalengeza kuti munthuyo waiwalika. Kutchula dzina lake unali mlandu. Mkazi wake akafunsidwa kuti, "Bambo ali kuti?" ankayenera kuyankha kuti, "Bambo ake ati?"

Mayi Nangondo anali mmodzi wa akazi oterewa. Amuna awo, a Filimoni, okonza njinga, anafunsa pamsonkhano chifukwa chimene mlatho wa kumalire unatseguliridwa ndi magule ambiri chonsecho usanamangidwe. Anaiwalika mawa lake. Mayiwo sanakangane ndi munthu. Ankagulitsa mabuku akale ndi mabuku a nyimbo za kutchalitchi pamsika wa Nong'oneza, pansi pa mtengo wa kachere. Koma pakhonde pawo panali mpando wandalema umene ankaupukuta m'mawa uliwonse, ndipo palibe ankakhalapo. Sankagona kutali, ngakhale pamaliro a abale awo.

"Munthu akhoza kubwera n'kupeza pakhomo palibe womudziwa," ankatero.

Anthu ankangovomereza ndi mutu, osafunsa kuti munthu wake uti. Chifundo cha ku Sitiopa chinkathera pamenepo, komabe chinali chifundo ndithu.

Buku limene linasokoneza dziko linabwera m'thumba la mabuku akale, lopanda chikuto, lopanda dzina la wolemba. Patsamba loyamba panangolembedwa kuti *Mpando wa Alendo*. Munalibe mfiti, munalibe magazi, munalibe ngakhale kadzidzi. Inali nkhani ya bambo wina amene anayenda yekha kuchokera kumunda masanasana. Atafika pakhomo pake, mkazi wake anagwada, anamupatsa mpando wa alendo, n'kufunsa kuti, "Kaya akunyumba mwawasiya bwanji?" Ana ake anamupatsa moni ndi manja awiri. Anamuphera nkhuku. Anamuyalira kuchipinda cha alendo. Aliyense anali wokoma mtima, ndipo tsiku ndi tsiku ankamufunsa mofatsa kuti abwerera liti kwawo. Poyamba bamboyo ankakalipa. Kenako anayamba kuthokoza. Pomaliza anapepesa kuti wakhalitsa, anatsanzika, n'kupita kukafuna kwawo.

Woyamba kulibwereka anali a Sandifolo ogulitsa nyama, bambo wa khosi ngati la ng'ombe zimene ankapha. Analibweza mawa lake, maso ali psuu.

"Mayi, bukuli n'lachabechabe," anatero mokweza kuti msika wonse umve. "Ndaliwerenga lonse. Silinandichite kanthu."

"Nanga malaya mwavaliranji chotembenuza, alamu?" anafunsa a Nanyoni ogulitsa tomato, amene pakamwa pawo pankaopedwa kuposa apolisi, kukanakhala kuti kuopa n'kololedwa.

"Ndi mmene akuvalira masiku ano."

Nthawi yoweruka itakwana, a Sandifolo sanachoke. Ananola mpeni wonola kale. Anapukuta tebulo lopukuta kale. Potsiriza anadzikoka mpaka pa tomato paja.

"Alamu, kodi simukulowera cha kwathu?"

"Kwanu n'kummawa, kwathu n'kumadzulo."

"Njira zonse zimakumana, alamu."

A Nanyoni anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anasenza dengu lawo n'kutsogola. Atafika pakhomo, a Sandifolo anawagwira nsalu. "Musabwerere msanga. Dikirani ayambe alankhula."

Akazi awo anatulukira pakhomo, manja ali m'chiuno. "Chiwindi ndinakutumani chija chili kuti? Mutu ukulu wonsewo mumasungiramo chiyani?"

A Sandifolo anakhala pansi n'kuyamba kulira. "Andilalatira, alamu! Akundidziwa!"

Bukulo linayenda nyumba ndi nyumba mpaka masamba ake anafewa ngati nsanza. Aliyense wolibweza ankati silinamuchite kanthu. Abusa analalikira kuti Mkhristu asaliwerenge, koma analongosola nkhani yake mwatsatanetsatane moti mpingo wonse unadziwa kuti iwo anafika nalo kumapeto. Mapemphero atatha anapempha mkulu wa mpingo kuti ayende nawo, akambirane za denga la tchalitchi. Denga linalibe vuto.

Amayi sanachedwe kuona phindu. Mayi wina amene mwamuna wake ankabwera ali dzandidzandi tsiku lililonse analeka kumukalipira. Anangogwada, n'kumupatsa mpando ndi manja awiri, n'kunena mwaulemu kuti, "Takulandirani. Kaya akunyumba?" Mowa unathera pomwepo. Bamboyo lero amaimba kwaya.

Koma chachikulu chinali cha m'misewu. Palibe ankafunanso kufika pakhomo pake yekha, wopanda mboni yoti inene kuti uyu ndi wa pano. Anthu anayamba kuperekezana. Woperekezedwa akafika, ankamva chisoni kuti mnzake abwerera yekha, ndiye ankamuperekezanso. Ena ankapezeka pakati pa njira dzuwa likupendeka, aliyense akuumirira kuti mnzake ndiye ayambe kufika. Ankanyamulirana katundu. Ankadziwa tsopano kuti uje ali ndi mwana wodwala, uje denga lake likudontha.

Ndipo anthu awiri akamayenda limodzi amalankhula. Ankayamba ndi mvula. Ankafika pa feteleza. Njira ikatalika ankafika pa mlatho wa kumalire. Tsiku lina a Sandifolo, poperekeza mayi Nangondo, anayang'ana kumbali n'kunena kuti, "Njinga yanga inkayenda bwino kale. Inali ndi woikonza." Mawa lake mayiwo anapeza wina atathira mafuta m'zomangira za mpando wandalema uja kuti usachite dzimbiri. Sanafunse kuti ndani. Anangomutchula m'pemphero ngati munthu amene Mulungu akumudziwa.

Nkhaniyi inafika ku Bwalo la Indetu, kumene mfumu inkakumana ndi nduna zake. Anaimirira a Kamphinda, Nduna ya Zoiwala, munthu woonda, wa mawu osalala.

"Mwinidziko, inu amene mphezi imakupemphani njira, inu amene mkango ukakulotani umadzuka thukuta lili kamukamu, ntchito yanga ikuonongeka. Munthu woyenda yekha amaiwala bwino. Koma akakhala awiri, wina amakumbutsa mnzake."

"Gwero lake n'chiyani?" inafunsa mfumu.

"Buku, Mwinidziko."

"Liletsedwe."

"Indetu!" linavomera bwalo lonse.

"Koma tiziti taliletsa chifukwa chiyani?" anafunsa a Kamphinda mosamala. "Tikati n'loopsa, ndiye kuti tavomera kuti m'dziko muno muli mantha. Ndipo inu munawathetsa."

"Lisaletsedwe," inatero mfumu.

"Indetu!"

Bwalo linakhala pa nkhaniyi mpaka nduna zina zinaodzera. Potsiriza mfumu inatembenukira kwa a Chiphwanya, Nduna ya Kulimba Mtima, bambo wa mendulo zambiri pachifuwa zimene analandira pa nkhondo zomwe zikanachitika. Inawalamula kuti awerenge bukulo, adzauze bwalo zimene zilimo.

Anabwera nalo mawa lake akuseka kwambiri, mwina mopitirira muyeso.

"Nthabwala zokhazokha, Mwinidziko! Za ana!"

Nthawi yomweyo wantchito wa kunyumba ya mfumu anagwada n'kuwapatsa mpando ndi manja awiri. A Chiphwanya analumpha mpaka mendulo zinalira ngati maseche. Analongosola kuti ndi malungo.

Pamenepo bwalo linapeza nzeru. Bukulo linalibe mlandu, mlandu unali wa miyendo. Ng'oma inalira m'misika yonse: kuyambira lero kuperekezana n'koletsedwa. Mwana wa Sitiopa aziyenda yekha, chifuwa chili patsogolo.

Apolisi anamwazikana m'misewu. Woyamba kugwidwa anali a Nanyoni, atasenza mtolo wa nkhuni wa nkhalamba ina yotsimphina.

"Mukuperekezana!" anatero wapolisi.

"Ayi, bwana. Tangolunjika kumodzi."

"Nanga nkhuni zawo mwasenzeranji?"

"Ndikufuna kuwabera, bwana. Ndikungodikira tifike kaye pakhomo pawo."

Wapolisi anaganiza. Kuba nkhuni unali mlandu waung'ono, ndipo unali usanachitike. Anawasiya. Mawu aja anafala, moti pofika Lamlungu dziko lonse linali litadzaza akuba oleza mtima, onyamulira anzawo katundu mpaka pakhomo, n'kuiwala kumuba.

Mfumu inakwiya. Popeza sikanatha kumanga miyendo yonse, inafunsa kuti bukulo linachokera kwa yani. Apolisi anawatenga mayi Nangondo pansi pa kachere paja akukonza mabuku a nyimbo.

Anaima pakati pa bwalo, chitenje chili chomanga bwino, maso ali pansi. Anthu a kumsika anadzaza kumbuyo, aliyense atabwera yekha, onse nthawi imodzi.

"Iwe mayi," inatero mfumu, "buku lakoli n'loopsa kapena ayi?"

A Kamphinda anamwetulira. Mayiwo akanati n'loopsa, akanaswa lamulo la mantha. Akanati ayi, akanayenera kufotokoza chimene chinalowa m'miyendo ya anthu.

"Za ena sindingazidziwe, Mwinidziko. Ine sindinaope."

"Chifukwa chiyani?"

"Bambo wa m'bukumo anafika pakhomo n'kupeza sakumudziwa. N'zachisoni. Koma iyeyo bola anabwera."

Sanatchule dzina la munthu, koma aliyense analimva. Kumbuyo kuja a Sandifolo anagwidwa malungo.

Chigamulo sichinachedwe. Mayi Nangondo apirikitsidwe mpaka kutsidya kwa malire a ku Mukafike, ndipo aiwalike kuyambira dzuwa likalowa tsiku lomwelo.

Mayiwo anagwada. "Mwinidziko, nditsekereni m'ndende ya pafupi, bola ndizimva za pakhomo. Pakhomopo pakufunika munthu."

"Wodikira yani?" anafunsa a Kamphinda mokoma.

Mayiwo anadzuka n'kukonza chitenje. Kuyankha kukanawonjezera mlandu, osati wawo wokha.

Mfumu inafuna kuti tsikulo likhale phunziro. Inalamula kuti a Chiphwanya okha, popanda msilikali, popanda galimoto, akawasiye mayiwo kumalire, kenako abwerere okha wapansi, dziko lione mmene mwamuna amayendera.

"Indetu!" linatero bwalo. A Chiphwanya nawo anatero, koma mawu awo anatuluka mochedwa.

Ananyamuka dzuwa lili paliwombo. Inali nyengo yotentha, mitengo ili mbee, anyenje akulira. Mayi Nangondo anasenza kamtolo ka zovala ndi buku limodzi la nyimbo. A Chiphwanya anavala nsapato za pa zikondwerero, zimene zinali zisanapondepo fumbi. Asanapite patali anayamba kutsimphina. Mayiwo anang'amba kansalu pamtolo wawo n'kuwapatsa kuti aike kuchidendene. Anawagawira mtedza wokazinga umene a Nanyoni anawafumbatitsa potuluka m'bwalo. Nduna inalandira osathokoza, pakuti inali isanadziwe ngati kuthokoza munthu wotsala pang'ono kuiwalika n'kololedwa.

Ku Mukafike kunali mtsinje wouma, mchenga wokhawokha. M'mphepete mwake munali mwala waukulu wolembedwa bwino, wonena kuti mlatho uwu unatsegulidwa ndi Mfumu Mtimamwala. Mlathowo panalibe. Mayi Nangondo anauyang'ana mwalawo nthawi yaitali.

A Chiphwanya anakonza pakhosi, ananena mawu a chigamulo, n'kuloza kutsidya. Mayiwo anavula nsapato, anadutsa pamchenga wotentha, anakaima kutsidya kuja. Anayang'ana njira imene anadzera. Kumapeto kwake kunali khonde ndi mpando umene mawa sukanapukutidwa.

Nduna inatembenuka kuti izipita. Patsogolo pake panali msewu wautali, wowongoka, wopanda munthu. Inaponya phazi limodzi n'kuima.

"Mayi!"

"Bwana?"

"Lamulo lati ndikuiwaleni."

"Iwalani, bwana. Muyende bwino."

A Chiphwanya anaimabe. "Pobwera paja, kodi tinakhotera kumanja kapena kumanzere?"

"Sitinakhote, bwana. Msewu ndi umodzi."

A Chiphwanya anakhala pamwala wa mlatho uja, anavula chipewa n'kuchiika pamaondo. Atayamba kulankhula, mawu awo anali aang'ono, osayenerana ndi mendulo.

"Chikhalireni nduna, mayi a kunyumba amandigwadira. Ana amandipatsa moni ndi manja awiri. Nkhuku amandiphera tsiku lililonse. Kale ankanditcha bambo a Tiyanjane, ankandilalatira ndikaponda pomwe akolopa. Lero amangoti takulandirani." Anapukuta kumaso. "Amene analemba bukulo anafika kwanga, mayi. Chatsala n'kundifunsa kuti ndibwerera liti."

Mayi Nangondo anayang'ana bambo amene anavomera "Indetu" pa chigamulo chawo, ndiponso pa cha munthu wina kale. Anatseka maso kanthawi, milomo ikugwedera. Zimene anamuuza Mulungu ndi za iwo awiri. Kenako anasenza kamtolo kaja n'kudutsanso mchenga.

"Dzukani, bwana, dzuwa likupita."

"Koma kuperekezana n'koletsedwa."

"Sindikukuperekezani. Tangolunjika kumodzi."

Anafika kunyumba ya nduna dzuwa lisanalowe. Akazi a a Chiphwanya anatuluka mofulumira, anagwada pakhonde, manja ali pamodzi. "Takulandirani, bambo. Khalani pampando apa."

Nduna inabwerera m'mbuyo. Mayi Nangondo anawerama n'kunong'oneza mayi wogwadayo. "Mayi mnzanga, alalatireniko pang'ono. Ndi mankhwala."

Akazi a nduna anayang'ana mayi Nangondo, anayang'ana amuna awo, anadzuka pang'onopang'ono n'kumanga chitenje. Zikuoneka kuti anali nazo zosunga za zaka zambiri.

"Inu bambo a Tiyanjane! Taonani mapazi anuwo! Mukufuna kulowa nawo m'nyumba mwanga? Munthu wamkulu kumayenda ndi zitsulo pachifuwa ngati mbuzi yotsogolera! Nkhondo yake iti? Inu amene mphemvu ikatuluka mumakwera pabedi n'kumaitana ine? Nkhuku zanga mwatha, tsiku lililonse nkhuku, ngati ndinu mlendo!"

A Chiphwanya anaima pabwalo, misozi ikuyenderera mpaka pa mendulo. "Pitirizani, mayi a Tiyanjane," ankatero. "Pitirizani."

Mayi Nangondo anachoka mwakachetechete. Dzuwa linalowa ali pakhonde pawo, ndipo monga mwa chigamulo, anaiwalika.

Mawa lake a Kamphinda anamva kuti pansi pa kachere pali munthu akugulitsa mabuku a nyimbo. Anaitana mkulu wa apolisi.

"Pita ukamugwire!"

"Ndani, bwana?"

"Mayi uja!"

"Mayi wake uti, bwana? Munditchulire dzina."

A Kamphinda anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Lamulo analemba ndi iwo omwe, ndipo linalibe chibowo. Anafunsa a Chiphwanya, amene anayankha mosangalala kuti iwo anamvera chigamulo chonse: anakasiya munthu kutsidya, ndipo sakukumbukira kuti anali ndani. A Kamphinda anatuma wapolisi kumsika kukafunsa kuti mayi wa pakachereyo ndani.

"Sitikuwadziwa, bwana," anatero a Nanyoni. "Ndi alendo. Kodi kwanu alendo mumawathamangitsa?"

"Mlendo ndi mame," a Kamphinda anauza bwalo potsiriza. "Sachedwa kukamuka."

"Indetu!"

Akuti mfumu nayo inaitanitsa bukulo mwamseri, inaliwerenga mpaka kumapeto. Kuyambira pamenepo imayang'ana modandaula anthu onse amene amaigwadira ndi kuipatsa mpando ndi manja awiri. Tsiku lina inafuula pabwalo kuti, "Kodi palibe mmodzi yemwe woti anganditsutse?" Nduna zonse zinayankha pamodzi kuti, "Indetu!" Mulungu aichitire chifundo, pakuti m'dziko lonselo ndi yokhayo imene ilibe woiperekeza.

Mame aja sanakamukebe. Anthu a ku Nong'oneza amawasamala alendo awo monga mwa mwambo: wina amabweretsa nkhuni, wina chiwindi, ndipo madzulo aliwonse pamapezeka munthu wolunjika kumodzi nawo mpaka pakhomo. M'mawa mayiwo amasesa, amapukuta mpando wandalema, iwo n'kukhala pamphasa pambali pake.

A Nanyoni akamadutsa salephera kuwaputa.

"Alendo! Mwakhalitsatu. Mubwerera liti kwanu?"

"Ndikanapita kale, mayi," amayankha, akupukutabe mpandowo. "Koma mlendo sachoka asanatsanzike. Ndikudikira mwini nyumba."